Zidole za m'galimoto yachikasu ndi madimba a mu Blantyre

Masiku ano gulu la achinyamata likamalemba pepala lopempha thandizo, zinthu ziwiri sizisowamo: dimba la anthu a m'dera ndi zisudzo. Ena akuwonjezera zidole, zija zovala kudzanja, poti ana amazikonda ndiponso zithunzi zake zimatuluka bwino pa Facebook. Ganizo lake ndi labwino ndithu. Anthu a dera limodzi alime ndiwo pamodzi, aphunzitsane, kenaka zimene aphunzirazo azifotokoze m'sewero. Ambiri mwa ife timaona ngati zimenezi n'zachilendo, zochokera ku New York kapena ku Berlin. Komatu ulimi ndi zidole zinakumanapo kale m'dziko muno, makolo athu ali ana, ndipo zinakumana kumbuyo kwa galimoto yachikasu ya Unduna wa Zaulimi. Ndikupempha kuti tiyambe taiyang'ana galimoto imeneyo tisanagule mbewu ya mpiru ndi nsalu zosokera zidole.

Undunawu unali ndi nthambi yotchedwa Extension Aids Branch, yomwe ntchito yake inali kufalitsa uthenga wa ulimi wamakono. Nthambiyi inkakonza mapulogalamu a alimi pa wailesi ya MBC, inkasindikiza magazini ya Za Achikumbi, inkajambula makanema, ndipo inali ndi magalimoto oyendayenda m'midzi, aja anthu ankangowatchula ndi mtundu wa penti yawo. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 galimoto yotere ikafika pamsika kapena pabwalo la sukulu inali nkhani yaikulu. Kumbukirani kuti wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999. M'mbuyo monsemo mwana wa kumudzi akanatha kukula mpaka kumanga banja asanaonepo chithunzi choyenda. Nyimbo zikalira pa chimkuzamawu anthu ankasiya makasu n'kuthamangira komweko. Kukada ankaonetsa kanema. Masana, poti kanema saoneka padzuwa, inali nthawi ya zidole.

Chimene chimandigwira mtima pa zidole zimenezi ndi kumene mawu ake ankachokera. Chris Kamlongera, yemwe anali mphunzitsi wa zisudzo ku Chancellor College ndipo analemba mbiri ya masewero ophunzitsa anthu m'Malawi ndi m'Zambia, akufotokoza kuti zokambirana za zidolezo zinkajambulidwiratu pa tepi. Munthu wobisala kuseri kwa nsalu sankayankhula. Ntchito yake inali kugwedeza mutu ndi timanja ta chidole kuti zigwirizane ndi mawu otuluka m'makina. Ndiye tayerekezani. Chidole chikuuza anthu kuti athire feteleza kawiri, wokulitsa ndi wobereketsa. Mayi wina pagulupo waimika dzanja kuti afunse za ngongole ya chaka chatha imene inamulanditsa mbuzi. Chidole chikupitirira ndi ndime yotsatira. Sichinamunyoze mayiyo, ayi, kungoti tepi ilibe khutu, ndipo amene anaijambula sanasiyepo mpata wa funso.

Sindikufuna kuwapeputsa anthu amene ankagwira ntchitoyi. Kufikira alimi a dziko lonse ndi alangizi ochepa oyenda pa njinga sinali ntchito yamasewera, ndipo ofufuza a World Bank, mmodzi mwa iwo Hilary Perraton, atawerengera ndalama za nthambiyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anapeza kuti njira zake zinkafikira anthu ambiri pa mtengo wotsika kuposa mlangizi woyendera mlimi mmodzimmodzi. Uthenga wambiri unalinso woona. Vuto langa lili pa kakhalidwe ka pamalopo: wina pamwamba pa galimoto, ena pansi pafumbi. Kakhalidwe kameneka sikanayambe ndi galimoto yachikasu. Kanayamba muno mu Blantyre, m'dimba.

Tonse tinaphunzira kuti mzinda uno unayamba ndi mishoni ya Church of Scotland mu 1876, pamalo amene amishoniwo anapatsidwa ndi mfumu Kapeni, pomwe lero pali tchalitchi cha St Michael and All Angels ndi sukulu ya HHI. Chimene sitikumbukira kawirikawiri n'chakuti pagulu loyambalo panali katswiri wa zamadimba, John Buchanan, ndipo dimba la mishoni linali malo ophunzitsira monga momwe inalili kalasi. Mu 1878 mnzake Jonathan Duncan anabwera ndi mbande za khofi kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh. Nkhani yotchuka imati mbande imodzi yokha ndi imene inapulumuka, ndipo khofi yemwe anadzaza mapiri a kuno m'zaka za m'ma 1890 anachokera pa mtengo umenewo. Anyamata a pamishoni ankaphunzira kubzala m'mizere yowongoka, kudulira mitengo ndi kuthirira. Koma anthu ankaphunzitsidwawo sanali alendo pa khasu. David Livingstone atadutsa m'dera lino mu 1859 anachita chidwi ndi minda ya Amang'anja, thonje lawo ndi makasu osula okha. Madimba a m'mbali mwa mitsinje analipo kale mzungu asanaponde kuno.

Mishoniyo inalinso ndi chikoti chake. Pofika 1880 mbiri inamveka mpaka ku Britain yoti amishoni a ku Blantyre akukwapula anthu ndipo ena afa, ndipo mu 1881 mpingo unachotsa ena mwa iwo, kuphatikizapo Buchanan. Iye sanachoke m'dziko muno. Anasanduka mwini minda ikuluikulu ya khofi, makamaka cha ku Zomba, ndipo azungu ena ambiri anatsata mapazi ake. Apa ndi pamene liwu lathu lokoma, kuthangata, linapotozedwa. Kale kuthangata kunali kuthandizana, lero kwa ine mawa kwa iwe, monga pa dima pomwe mwini munda amafulula mowa kapena thobwa anthu n'kumaliza ndime tsiku limodzi. M'maesiteti liwuli linasanduka dzina la ntchito yokakamiza, thangata, yolipirira malo amene munthu ukukhalapo. Ndi imodzi mwa nkhani zimene zinamuwawa John Chilembwe mpaka kufika pa zimene zinachitika mu 1915. Choncho tikamalemba m'mapepala athu kuti anthu a m'dera adzagwira ntchito pamodzi mongodzipereka, tidziwe kuti m'chigawo chino mawu otere ali ndi zipsera.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la atsamunda linada nkhawa ndi kukokoloka kwa nthaka. Lamulo la 1946 loteteza zachilengedwe, lomwe linakhwimitsidwa kwambiri pa nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby, linabweretsa zimene anthu anazitcha malimidwe: kusiya matutu n'kuyamba mizere yopingasa, kukumba milambala, kuzula mapesi a thonje ndi fodya pofika tsiku loikika, kusalima m'mphepete mwa mitsinje. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa. Kwinaku Central African Film Unit, yomwe inayamba mu 1948, inkapanga makanema ozungulira m'midzi ya Nyasaland ndi Rhodesia. Ambiri mwa iwo anali a anthu awiri, wanzeru womvera mlangizi ndi wopusa wokakamira za makolo, ndipo simufunika kuuzidwa kuti ndi uti amene ankathera ndi nkhokwe yodzaza. Anthu anadana nawo malimidwe kotero kuti Nyasaland African Congress inapezerapo otsatira ambiri kumidzi, ndipo pa zipolowe za mu 1953 ku Thyolo ndi madera ena a kumwera, mkwiyo wa malimidwe unasakanikirana ndi wa malo komanso wa chitaganya.

Pamene ufulu unkabwera mu 1964 chikoti cha malimidwe chinali chitapachikidwa kale, koma mphunzitsi anakhalabe mmodzi. Kamuzu Banda ankatchedwa Mchikumbe Nambala Wani. Chaka ndi chaka ankayendera mbewu m'zigawo zonse, a Payoniya ankaphunzira ulimi m'mabesi awo kuti akakhale chitsanzo kumidzi, ndipo ana asukulu ankagwira ntchito zachitukuko pa sabata ya achinyamata. Galimoto yachikasu inali mwana wa m'nyumba imeneyi. M'dziko limene funso lofunsidwa pamsonkhano likanatha kukugoneka m'ndende, tepi inali chida choyenera: inkanena zovomerezedwa zokhazokha ndipo sinkatha kuterereka lilime. Zotsalira za nthawi imeneyo tinakula nazo ngakhale ife obadwa Kamuzu atamwalira kale. Ndi angati a ife amene tinagwira khasu koyamba m'dimba la sukulu ngati chibalo cha kuchedwa kapena cha phokoso? Kenaka timadabwa kuti wachinyamata wa satifiketi amaona kulima ngati kugonja.

Tsono anthu a mu Blantyre anali pati pa zonsezi? Wolemba mbiri John McCracken anaonetsa kuti mzinda uno unakula mosiyana ndi Salisbury kapena matauni a migodi ku Copperbelt. Antchito ambiri a kwa Mandala, a kunjanji ndi a kufakitale ya fodya ya Imperial Tobacco ku Limbe sankakhala m'makomboni omangidwa ndi boma kapena kampani. Ankakhala m'midzi yozungulira tauni, monga ku Ndirande, n'kumayenda wapansi m'mawa uliwonse. Malipiro anali ochepa, ndiye banja linkadalira munda umene mayi ankalima. Ndiye kuti ulimi wa m'tauni si chinthu chimene ife a madigiri tikubwera kudzayambitsa. Ndi umene unadyetsa anthu amene anamanga tauniyi, ndipo mabwana ankatha kulipira pang'ono podziwa kuti kunyumba kwa wantchito kuli nkhokwe.

Mu 1949 nkhokweyo inapezeka yopanda kanthu. Mvula inadula pakati pa dzinja, chimanga chinapserera, ndipo boma la Blantyre linali limodzi mwa madera amene njala inasautsa kwambiri. Megan Vaughan, m'buku lake la mu 1987 lotchedwa The Story of an African Famine, anachita chinthu chimene ine ndimachisirira monga wophunzira mbiri. Atawerenga malipoti a atsamunda, amene ena mwa iwo ankaloza chala kuchulukana kwa anthu ndi kulima kosasamala, anapita kukamvera amayi a m'midzi ya m'boma lino pamodzi ndi nyimbo zimene ankaimba posinja. M'nyimbo za pamtondo munali mbiri ina. Munali amuna amene anapita kukasaka chakudya osabwereranso, maukwati amene anatha, ndi kagawidwe ka chakudya kamene kankaona mwamuna wapantchito n'kuiwala mayi wotsala yekha ndi ana. Amayi amene ambiri mwa iwo sanapiteko kusukulu anali atasunga kafukufuku wawowo kwa zaka makumi atatu, akumuimba poyera pabwalo, pomwe a boma anali otanganidwa ndi kuwaphunzitsa.

Zisudzo zathu zakale zili ndi khomo lolowera womvera. Wokamba nthano sapitirira ngati omvera sanayankhe kuti tili tonse. Kumasanje ana amaphunzira kuphika, kumanga ndi kuweruza milandu pochita okha, ndi miphika yeniyeni ndi zokunkha za m'munda, ndipo zidole zadothi ndi magalimoto amawaya amapanganso okha. Gule wamkulu sindikumuika m'gulu la zidole, eni ake angandidzudzule ndipo angalondole. Koma aliyense amene anaonapo chilombo monga Simoni, wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, kapena anafikapo ku Mua kumene bambo Claude Boucher anasonkhanitsa mbiri ya gule, amadziwa kuti pabwalo anthu wamba akhala akuseka ndi kudzudzula amphamvu kuyambira kale, nkhope itabisika, amayi akupolokoza nyimbo. Nkhope yobisika imanena zimene mwini wake sangathe kunena ali poyera. Galimoto yachikasu inatenga chida cha ofooka chimenechi n'kuchipereka kwa amene anali kale ndi wailesi, nyuzipepala ndi apolisi.

Alipo amene anaiona nkhaniyi nthawi yomweyo. Paulo Freire wa ku Brazil, ali ku Chile komwe anathawira, anagwira ntchito ndi alangizi a zaulimi, ndipo mu 1969 anatulutsa kabuku kotsutsa liwu lenilenilo la extension, lomwe linali m'dzina la nthambi yathu ija. Kwa iye liwuli limaganiza kuti nzeru zili ndi malo amodzi okhala, ndipo ntchito ya mlangizi ndi kuzitambasula kuti zikafike kumene kulibe. Ku Zambia ophunzira a pa yunivesite anali ndi Chikwakwa Theatre, yomwe inkatengera masewero kumidzi m'zinenero za anthu. Ku Botswana mu 1974 kunayamba Laedza Batanani, komwe sewero, nyimbo ndi zidole zikatha mudzi wonse unkakhala pansi kukambirana.

Kwathu kuno maganizowa anafika kudzera ku Chancellor College Travelling Theatre. Mu 1981 gululi linapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, n'kuyamba lafunsa anthu ndi ogwira ntchito zachitukuko za mavuto a kumeneko, timasewero n'kumapangira pomwepo. Kuyambira mu 1985 njirayi inakhwima ku Liwonde, pa ntchito ya zaumoyo yothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ, m'malo monga Mwima. Sewero likafika povuta, tinene pa mkangano wa chitsime chauve, wosewera ankatembenukira kwa anthu n'kuwafunsa kuti achite chiyani. Anthu ankayankha, ankatsutsana, ena ankalowa m'bwalo. Nyimbo zinali za komweko. Zotsatira zake zinaoneka ndi maso: makomiti a zaumoyo a m'midzi, zitsime zotetezedwa, zimbudzi, ndiponso magulu a anthu a m'midzimo amene anayamba kupanga masewero awoawo ophunzira a ku Zomba atabwerera. Kwa ine apa ndi pamene tepi inazimitsidwa koyamba.

Koma tisathamangire kuomba m'manja. Zonsezi zinkachitika pansi pa chipani chimodzi, lamulo la mu 1968 lounika mabuku ndi zisudzo likugwira ntchito. Mu 1987 Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa koleji yomweyo, anamangidwa n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Pabwalo anthu akanatha kukambirana za chimbudzi, koma osati za mtengo umene ADMARC inkagulira mbewu zawo kapena za malo amene anapita kumaesiteti a fodya. David Kerr, mmodzi mwa amene anatsogolera ntchito ya ku Liwonde, mu 1991 analemba nkhani yofunsa ngati kutenga mbali kotereku sikungasanduke njira yaulemu chabe yofikitsira anthu pa yankho limene wopereka ndalama analisankha kale. Funso limeneli lidakali lamoyo. Aliyense amene anachitapo ganyu ya zisudzo kubungwe amaidziwa mphindi ija imene mumafunsa anthu maganizo awo koma m'thumba muli pepala la mfundo zisanu zimene ziyenera kutuluka dzuwa lisanalowe. Imeneyonso ndi tepi, kungoti yasamukira m'mutu mwa wosewera.

Mu Blantyre zisudzo zinatenga njira ina, ya m'holo ndi ya pa wailesi. Du Chisiza Jr anatulukira pa mipikisano ya ATEM ali pa HHI, pabwalo la mishoni lomwe lija, n'kudzayambitsa Wakhumbata mu 1987. A Kwathu, Izeki ndi Jakobo ndi ena ankadzaza French Cultural Centre Lamlungu masana, ndipo pambuyo pake kunabwera Nanzikambe. Edzi itavuta mabungwe anathira ndalama mu Tikuferanji ndi Zimachitika. Zidole zokha ndi zimene sizinapeze mwini. Ku South Africa Gary Friedman anayenda ndi zidole zikuluzikulu m'misewu kukamba za Edzi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi imene anthu ankachita manyazi kutchula kondomu, ndipo ku Kenya XYZ Show inayamba kuseka andale pa kanema mu 2009. Kuno chidole chinatsalira kwa ofalitsa mauthenga ndi m'makalasi a ana.

Tsopano tibwere ku Namiwawa, kumene ine ndikulembera. Kuno ndi kumayadi: mapuloti aakulu, mipanda yaitali, mseu wokwera ku Sanjika. Ukayenda cha m'ma 6 koloko m'mawa umakumana ndi mdipiti wa anthu ochokera ku Chilomoni, ku Mbayani ndi kwina, akulowa m'mageti mmodzimmodzi, monga ankachitira antchito aja McCracken akufotokoza. Kuseri kwa mipanda yambiri kuli dimba. Muli repu, tchayinizi, mpiru, tomato, anyezi, mapeyala ndi nthochi, ndipo dzinja likafika chimanga mpaka kukhoma. Dimbalo timalitchula ndi dzina la mwini nyumba. Koma amene amadziwa kuti ndi mbali iti ya pulotiyo imene imasunga chinyezi, kuti manyowa a nkhuku osawolerana amawotcha mbande, kuti bonongwe ndi chisoso zomera zokha sizizulidwa, ndi bambo uja wa zaka 50 amene mpaka lero timamutcha gadeniboyi. Akaweruka amakalimanso kamunda kake m'mbali mwa phiri kapena m'mphepete mwa mtsinje. Katswiri wa ulimi wa m'tauni amene tili naye ndi ameneyu, ndipo m'mapepala athu a pulojekiti timamulemba m'gulu la ofunika kuphunzitsidwa.

Kafukufuku amene David Mkwambisi ndi anzake anasindikiza mu 2011, wa mabanja olima mu Blantyre ndi mu Lilongwe, anapeza zimene maso amaona kale. Mabanja opeza bwino ndi amene amakolola zambiri, poti ali ndi malo ndi ndalama za zipangizo, pomwe kwa mabanja osauka, makamaka otsogoleredwa ndi amayi, kadimba ndi njira yopezera kandalama. Nkhani ya madzi payokha ndi yokwana kugwetsa pulojekiti. Madzi ambiri a m'mipopi ya mzinda uno amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, makilomita pafupifupi 40 kuchokera kuno, ndipo amakankhidwa ndi magetsi kukwera chitunda chonsecho. Kuthirira kabichi ndi madzi amenewo mu Okutobala n'kwa a thumba lolemera. Wopanda mpopi amatsikira ku Mudi, ku Naperi kapena ku Nasolo, mitsinje imene imanyamula zonyansa za m'mafakitale ndi za m'masuweji otayikira, ndipo ndiwo zake timagula tonse pamsika osafunsa.

Ndiye pali mapiri. Akuluakulu amakumbukira phiri la Ndirande lili ndi nkhalango. Mitengo inatha m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene ulamuliro unkasintha, ndipo minda inakwera. Mzinda umene pa kalembera wa mu 2018 unali ndi anthu pafupifupi 800,000 ukukankhira osauka kumtunda, kumene malo ndi otsika mtengo chifukwa ndi oopsa. M'Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali ya phiri la Soche, matope ndi miyala zinatsikira pa Chilobwe, mabanja athunthu n'kukwiririka. Maliro asanathe n'komwe mawu odziwika aja anayamba kumveka: anthu ndi osamva, anadula mitengo, analima ndi kumanga poletsedwa. Zoona zilimo. Phiri lopanda mitengo siligwira madzi, ndipo pa mfundo imeneyi alangizi a nthawi ya Colby sananame. Mizere yopingasa imene agogo athu ankamangidwira, lero aliyense akulima popanda womuopseza. Koma mayi wa ku Chilobwe safunika chidole chomuuza kuti phiri ndi loopsa. Anakumba yekha m'matopemo. Iye akufunsa kuti akakhale kuti, akalime kuti, lendi ya kumunsi alipire ndi chiyani. Ndi funso lija la mayi wa mbuzi, lopanda mpata pa tepi.

Khonsolo ya mzinda nayo imachenjeza kawirikawiri za kulima m'mbali mwa misewu ndi mitsinje, ndipo m'mizinda ya m'maiko oyandikana nafe, monga Lusaka ndi Harare, mbiri ya antchito a khonsolo otchetcha chimanga chosakhwima ndi yaitali. Ndimaseka ndekha ndikaganiza kuti chikwakwa chomwecho ndi chimene chinapereka dzina ku gulu la zisudzo lofuna kumvera anthu. Mizinda ina itapanikizika inachita mwina. Soviet Union itagwa mu 1991 ndipo chakudya chitasowa ku Cuba, Havana inatsegula malo ongokhala kuti anthu alime ndiwo popanda kudalira feteleza wochokera kunja. Madimba a m'madera a ku New York amene timasirira pa intaneti anayamba m'zaka za m'ma 1970 ndi anthu olowa m'mapuloti osiyidwa popanda chilolezo cha munthu. Konseko nkhani inayamba ndi malo, maphunziro anabwera pambuyo.

Choncho anzanga amene mukufuna dimba ndi zidole ku Namiwawa kapena kwina kulikonse mu Blantyre, ine ndili nanu, koma ndili ndi mafunso anga. Puloti ndi ya ndani, ndipo mwini wake akafuna kumangapo nyumba ya lendi chaka chamawa mbewu zidzapita kuti? Mita ya madzi ili m'dzina la ndani? Amene adzagwire khasu tsiku ndi tsiku, ife tili m'kalasi kapena tikulemba lipoti, adzalipidwa kapena tidzati n'kudzipereka? Nanga sewero adzapeka ndani? Ine ndikanakonda kuona chidole chili m'dzanja la bambo wa m'dimba uja, mawu akutuluka m'kamwa mwake, ife ophunzira titakhala pamphasa. Sindikhulupirira kuti sewero lake lingakhale la kapangidwe ka manyowa. Mwina lingakhale la bwana amene amawerenga mapeyala a mumtengo asanapite kuntchito, kapena la adona odandaula za bilu ya madzi kwinaku kapinga akuthiriridwa, kapena la wophunzira wa pa yunivesite wobwera ndi kope kudzaphunzitsa munthu kubzala mpiru. Anthu angaseke kwambiri, ndipo ena mwa osekawo angazindikire geti limene likunenedwa.

Apa ndi pamene ntchitoyi imavutira, chifukwa nsalu imabisa nkhope koma siibisa mawu, ndipo ku Namiwawa anthu amadziwana. Lolemba m'mawa bamboyo ayenera kukagogoda pa geti lomwelo. Kawirikawiri alibe kalata ya ntchito, ndipo malipiro ake mwina safika n'komwe pa mlingo umene boma linakhazikitsa. Anthu a ku Liwonde anali ndi achipatala ndi bungwe la kunja kumbuyo kwawo, komabe nkhani zokamba ankasankha mosamala. Gulu lathu liyenera kukhala naye pansi pa zimenezi, n'kugwirizana chochita ngati angachotsedwe ntchito, tisanasoke chidole choyamba.